Zimene zinachitika pa Kamuzu Road Lachiwiri: akabaza ndi oyendetsa galimoto timvane

Bambo a Chisomo (oyendetsa Sienta, Salima ndi Senga Bay):
Abale anga a pagulu lino, ndalemba kuti mumve zimene zinandichitikira Lachiwiri madzulo pa Kamuzu Road ku Salima, ndiponso kuti anzathu a kabaza amene muli pano mundiyankhe, chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ndinkachokera ku Senga Bay ndi anthu asanu, ndipo nditayandikira msika ndinayatsa indiketa ya kumanzere kuti nditsitse mayi wina amene anali ndi dengu la usipa. Ndisanamalize kukhota, njinga yamoto inatulukira kumanzere komweko, pakati pa galimoto ndi anthu ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, n'kuomba chitseko chakutsogolo mpaka kuthyola galasi loonera kumbuyo. Panjingapo panali anthu atatu: mnyamata woyendetsa, mayi wachikulire, ndi mwana wa sukulu amene anamukhazika pa thanki. Panalibe ndi mmodzi yemwe wovala chipewa. Mayiwo anagwa n'kugwira bondo akubuula, mwanayo anasupuka mkono, koma mnyamatayo anadzuka bwinobwino.

Chimene chinandiopsa kwambiri chinabwera pambuyo pake. Pasanapite nthawi njinga zambirimbiri zinazungulira galimoto yanga, wina anapisa dzanja pawindo kufuna kusolola kiyi, wina akumenya boneti ndi chibakera, onse akukuwa kuti ndilipire njinga. Pa gulu lonselo palibe amene anawerama kuti aone mayi amene anali pansi. Ndinapulumukira kwa bambo wina wa sitolo yapafupi amene anaona zonse, ndipo anakuwa mwamphamvu kuti wolakwa ndi wanjinga. Mayiwo ndi mwana ndinawanyamula ndekha kupita nawo ku chipatala cha boma, ndipo pamene ndinkabwerera mnyamata uja anali atazemba. Njinga yake inalibe nambala, motero ngakhale ku polisi ndinasowa chonena atandifunsa kuti inali njinga iti.

Ndikufunsa mafunso awiri. Kodi lamulo loti munthu amapitirira galimoto ku dzanja lamanja silikhudza njinga zamoto? Nanga mwambo uwu wozungulira dalaivala musanadziwe n'komwe amene walakwa unayamba bwanji?

Mayi a Tadala (a geni ya nsomba, Chipoka):
Pepani kwambiri Bambo a Chisomo, ndipo tithokoze kuti palibe amene anataya moyo. Ine ndimakwera kabaza pafupifupi tsiku lililonse chifukwa nsomba sizidikira minibasi kuti idzaze, choncho sindingawanyoze anyamatawa. Koma zopitirira kumanzerezi ndaziona ndili pamsana pawo, ndipo ukawadzudzula amayankha kuti "musaope mayi, tinazolowera." Mawu amenewo ndi amene amandiopsa kuposa liwiro lenilenilo.

Aphiri (apampando a siteji ina ya kabaza pa boma):
Bambo a Chisomo, ndawerenga zonse ndipo ndiyambe ndi kupepesa m'malo mwa anzanga, ngakhale sindinadziwebe ngati mnyamatayo ndi wa pa siteji yathu. Kupitirira kumanzere galimoto itayatsa kale indiketa ndi kulakwa, ndipo kukweza anthu awiri pa njinga ya munthu mmodzi ndi kulakwanso. Pamenepo palibe choti titsutsane.

Funso lanu lachiwiri ndiliyankha mosabisa, ngakhale yankho lake silikoma. Kusonkhanako kunayamba chifukwa cha mantha. Zaka zapitazo, pamene njinga zamoto zinali zochepa, anzathu ankagundidwa usiku pa msewu wa M5 ndipo galimoto sinkaima, m'mawa timangopeza munthu m'ngalande njinga ili poteropo. Ena akagundidwa masana, mwini galimoto ankatsika, kulankhula Chingerezi, kuonetsa mapepala ake onse, ndipo mnyamata wopanda laisensi ankaluza mlandu asanatsegule pakamwa, ngakhale pamene wolakwa anali wagalimotoyo. Anyamata anaphunzira kuti ukakhala wekha sumveka, ndiye anagwirizana kuti mnzawo akagwa azithamangira onse. Cholinga chinali kuletsa galimoto kuthawa ndi kuthandiza wovulala. Ndikuvomereza kuti tsopano chasanduka chinthu china, chifukwa amene amafika pamalopo sanaone ngozi, amangoona kuti wagwa ndi mnzawo, ndipo ena amene amalowererapo si akabaza n'komwe koma anthu ofuna kutola foni ndi ndalama m'chipwirikiti. Zoti mayi anali pansi popanda womuyang'ana zandichititsa manyazi kwambiri.

Mnyamata wa Lifo (kabaza wa njinga ya mtundu wa Lifo, Kaphatenga):
Akuluakulu, ndikupempha kuti nanenso mundimve, pakuti nkhani izi zimakambidwa ngati kuti agalimoto ndi angelo. Bwerani mudzaime pa Kaphatenga tsiku limodzi muone mmene minibasi ndi ma Sienta amatichitira. Msewu wopita ku Nkhotakota malo ambiri ndi wopapatiza, m'mphepete mwa phula munadyeka mpaka pali chiphompho chaching'ono, ndipo galimoto ikamapitirira inzake imabwera mbali yathu ikuwalitsa nyali ndi kuliza hutala, kutanthauza kuti iwe wanjinga choka. Uchokere kuti? Ukatsika phula pa liwiro, tayala lakutsogolo limalowa mumchenga ndipo umagwa pamodzi ndi kasitomala. Ine ndili ndi chipsera pa phewa chimene ndinachipeza motero pafupi ndi Khombedza, ndipo dalaivalayo sanachepetse n'komwe liwiro. Ma Sienta nawonso amaima paliponse pamene aona munthu wakweza dzanja, indiketa amayatsa atayamba kale kukhota, ndipo m'galimoto ya anthu asanu ndi awiri amalongedzamo anthu mpaka dalaivala kukhala mpando umodzi ndi pasinjala. Sindikunena za inu Bambo a Chisomo, koma anzanu ambiri amationa ngati agalu a pamsewu.

Bambo a Chisomo:
Achimwene, zimene mwanenazo sindingazikane, chifukwa ndimaziona ndipo anzanga ena ndinakangana nawo pa nkhani yokankhira njinga kunja kwa phula. Koma ine indiketa ndinayatsa kutali, ndipo mboni zilipo. Ndikadandaula za mnyamata mmodzi ndi gulu limene linandizungulira, sindikunena kuti inu nonse ndinu oipa.

Mayi Nabanda (namwino wopuma pantchito):
Ana anga, lolani kuti ndilankhule monga munthu amene anathera zaka zambiri mu wodi. Inu mukukangana za amene anayamba kukhota, koma kuchipatala funso limenelo silifika, kumafika mwendo. Pa galimoto pali chitsulo chokuzungulira, pamene pa njinga chimene chimayamba kukumana ndi bampala ndi msongolo kapena bondo la munthu. N'chifukwa chake ovulala pa kabaza ambiri amabwera ndi fupa la msongolo kapena la ntchafu litathyoka, nthawi zina litabowola khungu n'kutulukira kunja, ndipo bala lotero likalowa dothi la mumsewu limavuta kupola. Fupa lothyoka bwino timaliika chikhakha ndipo munthu amachira m'masabata angapo, koma lophwanyika limafuna opaleshoni ndi zitsulo, ndipo nthawi zambiri wodwalayo amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera kuno. Kumeneko amakadikira pa mzere pamodzi ndi anzake ochokera m'maboma onse a chigawo chapakati, ndipo womudikirira amasiya munda ndi ana kwa milungu yambiri.

Za mutu ndiye ndisanene zambiri. Munthu wogwa wopanda chipewa amatha kudzuka, kuseka, kupita kwawo, kenako usiku n'kuyamba kusanza ndi kusokonezeka chifukwa magazi akutayikira mkati mwa chigaza. Achibale amati walodzedwa, pamene chamupha ndi phula la pa Kamuzu Road. Ndipo chipewa chimene ndikunena ndi chomanga lamba pachibwano. Chija mumangochiika pamutu mukaona apolisi chimauluka munthu asanafike pansi. Ndikupemphanso kuti mukapeza wovulala musamukoke miyendo kapena kumukweza panjinga ina monga thumba la chimanga, chifukwa khosi kapena msana ukakhala utathyoka mumamaliza ndinu.

Mayi a Tadala:
Amayi, pa nkhani ya chipewayi ifenso okwera tili ndi mlandu. Ine ndakanapo kangapo kuvala chifukwa chinali chonunkha thukuta, ndipo anzanga amakana poopa kuwononga tsitsi limene angomanga kumene. Palinso zoti timauza mnyamata kuti athamange chifukwa tachedwa, ndipo tikakhala awiri timakakamira kukwera njinga imodzi kuti tigawane mtengo. Mwina mayi amene anagwawo anachitanso chimodzimodzi kuti asalipire njinga ziwiri.

Aphunzitsi a ku Lifuwu:
Ndikufuna kubweza nkhaniyi pa lamulo, chifukwa lamulo lilipo ndipo si latsopano. Lamulo la zapamsewu la 1997 limaona njinga yamoto monga galimoto ina iliyonse: iyenera kulembetsedwa ndi kukhala ndi nambala, iyenera kukhala ndi inshuwalansi, ndipo woyendetsa ayenera kukhala ndi laisensi ya gulu la njinga zamoto, A1 ya njinga zazing'ono kapena A ya zazikulu. Kuno ku Malawi timayenda kumanzere ndipo timapitirira kumanja. Zonsezi zinalembedwa kalekale njinga zisanachuluke chonchi.

Vuto ndi lakuti njinga zinafika msanga kuposa dongosolo. Zambiri zinalowa kudzera m'malire a Mozambique ndi Tanzania, zina zopanda mapepala a msonkho, ndipo njinga yopanda mapepala a MRA singalembetsedwe ku Road Traffic. Yosalembetsedwa ilibe nambala, yopanda nambala ilibe inshuwalansi, ndipo popanda inshuwalansi wovulala alibe kokadandaula. Apa ndi pamene ndikuona gwero la gulu lozungulira galimoto lija. Mnyamata amene akudziwa kuti mapepala alibe amadziwanso kuti nkhani ikafika ku polisi njinga ilandidwa, choncho amafuna kuti zonse zithere pamsewu pomwepo, ndipo pamsewu amapambana ndi amene ali ndi anthu ambiri. Galimoto ya Bambo a Chisomo ili ndi nambala ndipo akanathawa akanapezeka tsiku lomwelo, pamene mnyamatayo anangolowa m'makwalala n'kusowa. Anthu awiri amene mmodzi amapezeka ndipo wina sapezeka sangalemekezane pamsewu.

Ndinenenso kuti kwa mnyamata wa ku Thavite kapena ku Lifuwu, kupeza laisensi si nkhani yaing'ono. Ambiri a ife zinthu za Road Traffic timakachitira ku Lilongwe, ndipo sukulu yophunzitsa kuyendetsa imafuna ndalama zimene iye sangazipeze mwezi umodzi. Ana amene ndinawaphunzitsa ndekha m'kalasi ndimawaona akuphunzitsana njinga pa bwalo la mpira Loweruka, ndipo pofika Lolemba ali pa siteji akunyamula anthu. Kuyendetsa amakudziwa, pakuti njinga sivuta, koma palibe amene anawauzapo tanthauzo la mzere woyera wosadukiza kapena chifukwa chimene sapitirira pa mphambano.

Bambo Mwale (oyendetsa lole, Nkhotakota):
Aphunzitsi anena zoona, ndipo ine ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene anyamata a kabaza sachidziwa chifukwa sanakhalepo pampando wa lole. Kumanzere kwa lole, kuyambira pa chitseko mpaka m'mbuyo ndithu, kuli malo amene dalaivala saona ngakhale atayang'ana pagalasi, popeza iye amakhala kumanja ndiponso pamwamba. Njinga ikalowa pamenepo imasowa kotheratu. Komanso lole yaitali ikafuna kukhotera kumanzere imayamba yataya mutu kumanja kuti matayala akumbuyo asagwere m'ngalande, ndiye mnyamata amaona mpata watseguka kumanzere n'kulowamo, osadziwa kuti mpatawo utsekeka pompo. Nyengo yodula nzimbe cha ku Dwangwa ndimayenda mtima uli m'mwamba, chifukwa lole yodzaza singaime pafupi ngakhale utaponda mabuleki ndi mphamvu zonse, ndipo usiku njinga zina zimayenda zopanda nyali yakumbuyo, zitanyamula matumba a makala otambalala kuposa mahandulo. Sitikudani ayi, achimwene. Nthawi zambiri sitikuonani.

Mnyamata wa Lifo:
Zoti lole imayamba yapita kumanja isanakhotere kumanzere ndinaziona, koma sindinkadziwa chifukwa chake, ndipo ndikuthokoza Bambo Mwale. Koma akuluakulu, pali chinthu chimene simunachitchule, ndipo ndi chimene chimatithamangitsa. Njinga zambiri si zathu. Mwini wake amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, kaya kwagwa mvula, kaya tsikulo unathera pa mzere wa mafuta. Uyambe wapeza ya bwana, kenako ya petulo, ndipo yotsalayo ndiyo ya ufa kunyumba. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, matayala, tcheni ndi oilo zinakwera, abwana anakweza ndalama ya tsiku, koma kasitomala ukamukwezera mtengo amangopita kwa mnzako chifukwa pa siteji tilipo ambiri. Ndiye munthu amathamanga kuti abwerere msanga pa mzere, ndipo akapeza anthu awiri sakana. Sindikuti n'zabwino, ndikungonena kumene liwirolo limachokera.

Bambo a Madalitso (eni njinga zitatu):
Popeza eni njinga tatchulidwa, ndiyankhe. Ine njinga zanga ndinagula ndi ngongole ndipo nanenso pali amene amandidikira kumapeto kwa mwezi, choncho ndalama ya tsiku sindingaichotse. Koma ndikuvomera kuti ambiri a ife timapereka kiyi kwa mnyamata aliyense amene wabwera ndi mboni, osafunsa kumene anaphunzirira. Chaka chatha njinga yanga imodzi inagunda mwana wa mbuzi n'kugwetsa kasitomala, ndipo ndalama zimene ndinalipira kuchipatala ndi kwa achibale zinaposa zimene ndikanalipira inshuwalansi. Kuyambira pamenepo zonse zitatu ndinazilembetsa, ndipo anyamata anga ndinawauza kuti tsiku limene ndidzaone anthu atatu panjinga ndidzalanda kiyi. Anzanga ena amandiseka kuti ndikutaya ndalama.

Mayi Nabanda:
Bambo a Madalitso, mwachita bwino, koma ndifunse: kodi zipewa munagula ziwiri pa njinga iliyonse, kapena chimodzi cha woyendetsa yekha? Amene ankafika kwa ife ali chikomokere nthawi zambiri anali wokwera kumbuyo, chifukwa iye saona ngozi ikubwera ndipo alibe chogwira.

Bambo a Madalitso:
Amayi, ndinagula chimodzi chimodzi. Ndamva, ndipo sabata ino ndigula zinazo.

Aphunzitsi a ku Lifuwu:
Ndikuona kuti kulanda njinga kokha sikuthetsa kanthu. Apolisi akachita chipikisheni, siteji imakhala mbee masiku awiri, anyamata amadutsa njira zachidule m'midzi, kenako amalipira chindapusa n'kubwerera osaphunzira chilichonse chatsopano. Choipa china n'chakuti mnyamata akaona apolisi kutsogolo amatembenuka mwadzidzidzi pakati pa msewu, ndipo ngozi zina zimachitikira pomwepo. Chimene chingathandize kuno kwathu ndi chakuti masiteji okha akhale ndi kaundula wa dzina la woyendetsa, mwini njinga ndi nambala yolembedwa pa jekete yonyezimira, kuti wolakwa azipezeka, ndiponso kuti khonsolo ipemphe a Road Traffic azibwera kuno kudzayesa anyamata ndi kulembetsa njinga m'malo moti aliyense azikwera basi ya ku Lilongwe. Bambo Mwale atapatsidwa ola limodzi pa siteji ndi lole yawo, n'kukweza mnyamata aliyense pampando kuti aone yekha zimene dalaivala saona, ndikhulupirira kuti zopitirira kumanzere zingachepe kuposa mmene chindapusa chingazichepetsere.

Bambo Mwale:
Lamlungu masana lole imakhala ili chiimire, ndipo ndikadutsa ku Salima ndikhoza kutero ngati abwana anga alola. Aphiri andiuze malo.

Aphiri:
Ndabwereranso ndi nkhani. Dzulo ndi lero ndayenda m'masiteji kufunsa, ndipo mnyamata uja wapezeka. Si wa pa siteji yathu, koma ndi wa siteji yoyandikana nafe, ndipo wayamba ntchitoyi mwezi watha. Laisensi alibe, njinga ndi ya malume ake, ndipo wandiuza yekha kuti sankadziwa kuti kupitirira kumanzere n'koletsedwa, ankaona ngati njinga imadutsa paliponse pamene pali mpata. Akuti anathawa chifukwa cha mantha ataona mayi aja akulephera kudzuka. Ine ndi apampando anzanga tagwirizana kuti tipite naye ku polisi mawa m'mawa pamodzi ndi malume akewo, ndipo Bambo a Chisomo tikupempha kuti mukhalepo. Za galasi lanu malumewo avomera kulipira.

Pa nkhani ya amene anakuzungulirani, atatu tawadziwa, kuphatikizapo amene anafuna kusolola kiyi, ndipo tawaimitsa pa siteji sabata imodzi. Ena pakati pathu akundinena kuti ndagulitsa anzanga kwa agalimoto, koma ndawauza kuti tsiku lina adzazungulira munthu wokhala ndi mtima wapachala amene adzaponda mafuta n'kuwapululira pansi onse, kapena iwo adzavulaza munthu wosalakwa n'kukathera kundende. Tagwirizananso kuti pa ngozi iliyonse oyamba kufika aziona wovulala, azijambula nambala ya galimoto pa foni, ndipo aziimbira wapampando, osagwira dalaivala.

Mnyamata wa Lifo:
Aphiri, ife a ku Kaphatenga tikupempha kuti pa msonkhano wa Lamlungu muitanenso apampando a ma Sienta ndi minibasi, kuti nafenso tikanene za kutikankhira kunja kwa phula. Tikapita kukaphunzira ife tokha, anzanga adzati nkhaniyi ndi ya mbali imodzi ndipo sadzabwera.

Bambo a Chisomo:
Aphiri, zikomo kwambiri, mawa ndidzakhalapo. Achimwene a ku Kaphatenga, apampando athu ndilankhula nawo usiku uno, ndipo ine ndidzabwera ngakhale ena atakana. Za galasi zisakuvuteni kwambiri, chifukwa pali nkhani yaikulu kuposa imeneyo. Ndachokera ku chipatala madzulo ano kukaona mayi aja. Mwanayo anatuluka tsiku lomwelo, koma mayiwo awajambula ndipo fupa la pansi pa bondo linasweka, moti awauza kuti apite ku Kamuzu Central. Ndi amasiye, amagulitsa tomato, ndipo amene akuwadikirira ndi mwana wawo wamkazi amene wasiya sukulu sabata ino. Ndikupempha kuti mawa, tisanakambe za galasi kapena za njinga, malume a mnyamatayo abwere atakonzeka kunena zimene achite pa chakudya ndi ulendo wa womudikirira ku Lilongwe. Ine ndapereka kale kangachepe, ndipo amene angafune kuthandiza apereke kudzera kwa Mayi Nabanda, amene avomera kukawaona Lachisanu.